Minamata Patatha Zaka 70: Zomwe Zakonzeka ndi Zomwe Zatsala

Pa 1 Meyi 1956, mkulu wa chipatala cha kampani ya Chisso, Dr Hajime Hosokawa, adakanena ku ofesi ya zaumoyo ya m'tauni ya Minamata ku Japan kuti kwagwa nthenda yachilendo yogwira ubongo ndi mitsempha. Masiku khumi m'mbuyomo chipatalacho chidalandira mtsikana wa zaka zisanu amene ankalephera kuyenda, kulankhula ngakhalenso kudya. Patangopita masiku ochepa, mng'ono wake adafikanso ndi vuto lomwelo. Mu 2026 zakwana zaka 70 chichitikireni zimenezi, ndipo dzina la tauniyi tsopano lili pa pangano la maiko oposa 150 lolimbana ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chija chimang'anima ngati siliva.

Zaka 70 n'zokwanira kuti tikhale pansi n'kuwerengera. Pali zambiri zomwe zakonzeka, ndipo tizitchula. Koma tikaunika bwino mbiriyi, tipeza kuti anthu ambiri a ku Minamata adapwetekeka chifukwa chozengereza kwa amene adali ndi mphamvu yotseka paipi, pomwe chowapweteka chidali chitadziwika kale. Kuzengereza kumeneku sikudathe. Kwangosamukira kwina, ndipo kwina kwakeko ndi kufupi ndi kwathu.

Zaka 12 zozengereza

Minamata ili m'chigawo cha Kumamoto pachilumba cha Kyushu, m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Shiranui. Fakitale ya Chisso idakhazikika kumeneko mu 1908, ndipo mu 1932 idayamba kupanga acetaldehyde, mankhwala ofunika popanga mapulasitiki ndi zinthu zina. Popanga mankhwalawa ankagwiritsa ntchito mercury kuti ntchito iziyenda msanga. Chaka choyamba adapanga matani 210 okha, koma pofika 1960 adadutsa matani 45,000. Madzi otsala ankawataya m'doko la Minamata, pa Hyakken, pakamwa penipeni pa asodzi.

Zizindikiro zidayamba kuoneka pa nyama. Nsomba zinkayandama zitafa. Akhwangwala ankagwa pansi akuuluka. Amphaka a m'midzi ya asodzi, amene ankadya zotsala za nsomba, ankazungulirazungulira, kuphupha, ena n'kugwera m'nyanja. Kenaka idafika kwa anthu: dzanzi m'manja ndi m'miyendo, kudzandira, lilime kulemera, makutu kugontha, maso kuona zakutsogolo zokha. Poyamba anthu adayesa nthenda yopatsirana, choncho mabanja a odwala adasalidwa ndi anansi awo.

Pofika Novembala 1956, akatswiri a pa yunivesite ya Kumamoto adali atanena kale kuti nthendayi siyopatsirana, gwero lake ndi poizoni wa chitsulo wolowa m'thupi kudzera mu nsomba ndi nkhono za m'nyanja. Apa mpamene kusodza kukadayenera kuletsedwa. Mu 1957 akuluakulu a chigawo cha Kumamoto adafunsa unduna wa zaumoyo ngati angagwiritse ntchito lamulo la ukhondo wa zakudya, koma undunawo udati palibe umboni woti nsomba zonse za m'dokomo zili ndi poizoni. Mu Seputembala 1958 kampani idasintha njira ya madzi ake oipa n'kuwalozetsa kumathiriro a mtsinje wa Minamata, ndipo nthenda idafalikira kumidzi ina ya m'mphepete mwa Shiranui.

Mu Julayi 1959 akatswiri aja adatchula mercury poyera. Matope a pafupi ndi paipi ya fakitale adapezeka ndi makilogalamu awiri a mercury pa tani imodzi. Tsitsi la wodwala wina lidali ndi mamiligalamu 705 pa kilogalamu, pomwe anthu a kutali ndi Minamata adali ndi pafupifupi 4. M'chipatala cha kampani momwemo, Dr Hosokawa ankapatsa amphaka chakudya chothiridwa madzi a m'fakitale, ndipo mu Okutobala 1959 mphaka wa nambala 400 adadwala nthenda yomweyo. Kampani idabisa zotsatirazo. Mu Disembala idaika makina oyeretsera madzi otchedwa Cyclator, amene pambuyo pake adadziwika kuti sankachotsa poizoniyo. Mwezi womwewo idasainitsa mabanja a odwala mgwirizano wa chipepeso: mayeni (ndalama za ku Japan) 100,000 pachaka kwa wamkulu, 30,000 kwa mwana, bola avomereze kuti sadzafunanso kanthu ngakhale zitadzatsimikizika kuti wolakwa ndi kampani.

Mu 1965 nthenda yomweyi idabukanso ku Niigata, m'mbali mwa mtsinje wa Agano, kuchokera ku fakitale ya Showa Denko. Chisso idasiya kupanga acetaldehyde mwa njira ya mercury mu Meyi 1968, ndipo boma la Japan lidavomereza gwero la nthendayi pa 26 Seputembala 1968. Paipi idali itatsekedwa kale miyezi inayi. Kuchokera tsiku lomwe Dr Hosokawa adakanena kufika tsiku lomwe boma lidalankhula, padapita zaka 12, ndipo m'zaka zimenezo ana ambiri adabadwa atapwetekeka kale.

Poizoni amene saoneka m'madzi

Chomwe Minamata idaphunzitsa asayansi n'chakuti madzi a m'nyanja angaoneke oyera, ngakhale kuwayeza n'kupeza mercury wochepa zedi, koma nsomba zake zili zoopsa. Chifukwa chake chili m'matupi a zamoyo.

Mercury amapezeka m'mitundu ingapo. Woopsa kwambiri kwa wodya nsomba ndi methylmercury. Ku Minamata mtundu umenewu unkapangika m'fakitale momwemo n'kutuluka ndi madzi. Kwina konse amaupanga ndi mabakiteriya, makamaka okhala m'matope opanda mpweya wa okosijeni, pansi pa madoko, mathiriro a mitsinje ndi madambo a m'mphepete mwa nyanja. Mabakiteriyawa amatenga mercury wamba amene wagwa ndi mvula kapena wabwera ndi mtsinje, n'kumusandutsa methylmercury. Mu 2013 asayansi adapeza majini awiri, hgcA ndi hgcB, amene amawapatsa mphamvu yochita zimenezi.

Akapangika, amalowa m'tizomera ting'onoting'ono toyandama m'madzi. Tizilombo ta m'madzi timadya tizomerato, nsomba zazing'ono zimadya tizilombo, zazikulu zimadya zazing'ono. Thupi limamulandira msanga koma limachedwa kumutulutsa, choncho aliyense wodya mnzake amatenga katundu wa onse amene wawadya. Pofika pa shaki, swordfish kapena tuna wamkulu, mercury wa m'thupi mwake amatha kuposa wa m'madzi omuzungulira kuwirikiza miliyoni kapena kuposerapo.

Methylmercury amakakamira ku cysteine, kachigawo ka mapuloteni, ndiye kuti amakhala mumnofu weniweni wa nsomba. Kutsuka, kuwiritsa, kukazinga, kuwamba kapena kuyanika sikumuchotsa. Akamangana ndi cysteine amafanana ndi methionine, chakudya chomwe thupi limachifuna, ndipo njira zolowetsa chakudya mu ubongo zimamutsegulira. Amadutsanso nsengwa n'kufika kwa mwana wosabadwa. Madokotala a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti nsengwa imatchinga poizoni. Dr Masazumi Harada ndi anzake adaonetsa kuti si choncho, atapeza ana olumala ubongo obadwa kwa amayi amene sankaoneka odwala kwenikweni. Mabanja a ku Japan ali ndi mwambo wosunga kachingwe ka pamchombo pa khanda, ndipo tizingwe timeneti tidadzakhala umboni wosonyeza kuchuluka kwa poizoni chaka ndi chaka.

Kuyambira pamenepo, aliyense wofuna kudziwa ukhondo wa nyanja sakhutira ndi botolo la madzi. Amayeza matope, nkhono, mnofu wa nsomba ndi tsitsi la anthu odya nsombazo.

Zomwe zakonzeka

Makhoti adachedwa, koma adalankhula. Pa 20 Marichi 1973 khoti la Kumamoto lidapeza Chisso yolakwa, lidathetsa mgwirizano wa chipepeso uja, ndipo lidalamula chipukuta misozi cha mayeni 16 mpaka 18 miliyoni kwa wodwala aliyense wa pamlanduwo. Mu Okutobala 2004 khoti lalikulu la Japan lidagamula kuti boma ndi chigawo cha Kumamoto nawonso adalakwa posaletsa kufalikira kwa nthendayi.

Doko nalo lidakonzedwa, ndipo mtengo wake ndi phunziro pawokha. Mu 1974 adatchinga pakamwa pake ndi maukonde kuti nsomba za poizoni zisatuluke. Kuyambira 1977 mpaka 1990 adakumba matope onse okhala ndi magalamu oposa 25 a mercury pa tani, n'kuwakwirira m'chigawo china cha doko lomwelo. Matope onse adakwana makyubiki mita 1.5 miliyoni, malo okwiriridwa ndi mahekitala 58, ndalama zake mayeni 48.5 biliyoni. Mu 1997, nsomba zitakhala pansi pa malire a boma a mamiligalamu 0.4 pa kilogalamu kwa zaka zotsatizana, maukonde adachotsedwa. Lero pamwamba pa matopewo pali paki, ndipo anthu akusodzanso. Komabe mercury sawola. Ali pomwepo pansi pa udzu, kuseri kwa makoma a zitsulo amene adzafuna kuyang'aniridwa mibadwo ndi mibadwo m'dziko la zivomezi. Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka. Ku Minamata adayesa kuwaola, ndipo zidawatengera zaka zoposa 20.

Chachikulu koposa ndi pangano la Minamata, lomwe lidavomerezedwa ku Kumamoto pa 10 Okutobala 2013 n'kuyamba kugwira ntchito pa 16 Ogasiti 2017. Panganoli limaletsa kutsegula migodi yatsopano ya mercury, limaika malire pa kugulitsana mercury pakati pa maiko, limalamula kuchepetsa utsi wa m'malo otenthera malasha, ndipo limatchula katundu woyenera kusiyidwa: mabatire ena, zoyezera kutentha kwa thupi, makina ena oyezera kuthamanga kwa magazi ndi mababu. Pamsonkhano wa 2023 ku Geneva, maiko adagwirizana zoletsa mafuta odzola onse othiridwa mercury pofika 2025 ndi mababu a machubu pofika 2027. Maiko a mu Africa ndi amene adatsogolera ganizo la mafuta odzola ndi la zomatira mano obooka, ndipo msonkhano wa 2025 udaika chaka cha 2034 kukhala malire a zomatira manozo. Shinobu Sakamoto, mayi wobadwa ndi nthendayi mu 1956, amene adapita ku msonkhano wa zachilengedwe wa ku Stockholm mu 1972 ali mtsikana, adakhalaponso pamsonkhano woyamba wa panganoli ku Geneva mu 2017.

Zomwe zatsala

Ku Japan komweko nkhani sidathe. Ovomerezedwa ndi boma kuti ndi odwala nthenda ya Minamata ndi pafupifupi 3,000, kuphatikizapo a ku Niigata, ndipo ambiri adamwalira. Zikwi makumi angapo adalandira chithandizo kudzera mu mgwirizano wa 1995 ndi lamulo la 2009 popanda kutchedwa odwala. Ena adasiyidwa chifukwa cha mudzi womwe ankakhala kapena chaka chomwe adabadwa. Mu Seputembala 2023 khoti la Osaka lidavomereza madandaulo a anthu 128 otere, koma mu Marichi 2024 khoti la Kumamoto lidakana a anthu 144. Pa 1 Meyi 2024, pokumana ndi nduna ya zachilengedwe Shintaro Ito, ogwira ntchito mu undunawo adazimitsa maikolofoni odwala akulankhula, ati nthawi yawo ya mphindi zitatu yatha. Nduna idabwerera kukapepesa.

Padziko lonse, vuto lasintha maonekedwe. Ku Minamata kudali paipi imodzi ya kampani imodzi yoti n'kuiloza ndi chala. Lero mercury wambiri amayenda mumlengalenga. Akakwera ndi utsi amatha kukhala m'mwamba miyezi ingapo mpaka chaka, n'kukagwa ndi mvula kutali kwambiri ndi kumene adachokera. Lipoti la bungwe la United Nations loona zachilengedwe la 2018 lidawerengera kuti mu 2015 ntchito za anthu zidatulutsa matani pafupifupi 2,220 a mercury mumpweya. Magawo 38 pa 100 alionse adachokera kwa okumba golide ang'onoang'ono, ndipo 21 adachokera ku malasha. Kafukufuku wofalitsidwa mu magazini ya Nature mu 2014 adapeza kuti mercury wa m'madzi a pamwamba pa nyanja zamchere wawirikiza katatu chiyambireni nyengo ya mafakitale.

Chodetsa nkhawa china chidatuluka mu 2024. Asayansi atayerekeza mnofu wa tuna pafupifupi 3,000 wogwidwa pakati pa 1971 ndi 2022 m'nyanja za Pacific, Atlantic ndi Indian, adapeza kuti mercury wake sadatsike m'madera ambiri, ngakhale maiko ena adachepetsa utsi wawo. Mercury wakale amene adamira m'madzi akuya akubwerera pamwamba pang'onopang'ono. Tanthauzo lake n'lakuti zomwe titseke lero phindu lake adzaliona ndi adzukulu, ndipo zomwe tilekerere lero adzadya ndi iwonso.

Mbali yathu

Malawi ndi Zambia alibe gombe la nyanja yamchere, koma madzi awo amakathera komweko. Mtsinje wa Lisungwi, komwe anthu amasefa golide, umathira mu Shire, Shire amathira mu Zambezi, Zambezi n'kukalowa m'nyanja ya Indian ku Mozambique. Mtsinje wa Pungwe umachokera kumapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe, n'kudutsa m'chigawo cha Manica komwe kukumba golide kudafala, mpaka kukafika ku Beira. Mathiriro a mitsinje imeneyi ali ndi matope ndi nkhalango za mitengo ya m'madzi amchere, momwe nkhanu ndi nsomba zimaswerana. Malo otere ndi omwe mabakiteriya opanga methylmercury amakonda.

Wokumba golide akagwiritsa ntchito mercury amamusakaniza ndi mchenga kapena miyala yopera. Mercury amagwira golide n'kupanga kampira, kenaka kampirako amakaotcha kuti mercury auluke, golide atsale. Woyamba kupuma nthunziyo ndi wootchayo ndi banja lake. Wotsala m'matope amatsika ndi mvula. Sitikuwada anthu amenewa, pakuti ambiri adalowa m'maenje chifukwa kumunda sikudapindule. Koma ntchito yawo ndi gwero lalikulu la mercury padziko lero, ndipo ndime 7 ya pangano imafuna kuti dziko lililonse lokhala ndi ntchito yotere yochuluka lilembe ndondomeko yoichepetsera mercury. Njira zina zilipo: kusefa bwino ndi madzi okha, matebulo ogwedeza osiyanitsa golide ndi mchenga, ndi zotengera zotseka zomwe zimagwira nthunzi pootcha.

Dera lathu lidalawapo kale zowawa zimenezi. Ku Cato Ridge ku South Africa, kampani ya Thor Chemicals idaunjika zinyalala za mercury zochokera kunja, mtsinje wapafupi udaipitsidwa, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ogwira ntchito ena adamwalira ndi poizoniyo. Mafuta oyeretsa khungu okhala ndi mercury nawo akupezekabe m'misika ya mu Africa ngakhale adaletsedwa. Amaononga impso za wodzolayo, ndipo akasamba, otsalawo amapita ndi madzi.

Pa nkhani ya ndiwo, tisaopsezane. Usipa, kapenta ndi matemba ndi nsomba zazing'ono za moyo waufupi zodya tizilombo ta m'madzi, choncho sizikhala ndi nthawi younjika mercury wambiri. Chimodzimodzi karapau ndi nsomba zazing'ono za m'zitini. Kafukufuku wa zaka zambiri ku Seychelles, komwe amayi amadya nsomba za m'nyanja pafupifupi tsiku lililonse, sadapeze vuto loonekeratu pa kakulidwe ka ana awo. Ku zilumba za Faroe, komwe mercury amachokera ku nyama ya anangumi, ana adapezeka atakhudzidwa, ndipo mu 2008 akuluakulu a zaumoyo kumeneko adalangiza anthu kusiya nyamayo. Kusiyana kwagona pa chimene chadyedwa. Mayi woyembekezera apitirize kudya nsomba zazing'ono, chifukwa mafuta ake amamanga ubongo wa mwana. Zoyenera kupewa ndi zikuluzikulu zodya zinzake, monga shaki ndi swordfish, uphungu womwe abale athu a ku Beira, Durban kapena Britain ayenera kuusunga.

Kutsogoloku

Zaka khumi zikubwerazi zidzaonetsa ngati pangano la Minamata lili ndi mano. Madeti a 2025, 2027 ndi 2034 alembedwa, koma deti silitseka malire a dziko. Mtengo wa golide ukakwera, okumba amachuluka, ndipo mercury wozembetsedwa amawatsatira. Maboma athu ali ndi ntchito zinayi zosafuna kudikira thandizo lalikulu. Akhwimitse m'zipata kuti mercury ndi mafuta oletsedwa asalowe. Apereke ziphaso kwa okumba ang'onoang'ono kuti azidziwika, aphunzitsidwe, ndi kugula zida pamodzi m'magulu, popeza munthu wothamangitsidwa ndi apolisi saphunzitsika. Mayunivesite ndi mabungwe oona zamiyezo aziyeza matope, nsomba ndi tsitsi la anthu m'madera a golide chaka ndi chaka. Ndipo zotsatira zake azizilengeza m'zilankhulo za anthu omwe akudya nsombazo, ngakhale zitakhala zosakoma kumva.

Chomalizachi n'chomwe Japan adalephera. Umboni udalipo mu 1956, dzina la poizoni lidalipo mu 1959, koma amene adayenera kulamula ankafunabe umboni wina, chifukwa fakitale inkadyetsa tauni ndi chuma cha dziko. Golide nayenso akudyetsa mabanja ndipo akubweretsa ndalama zakunja, choncho chiyeso chonena kuti tidikire kaye chidzafika kwa ife ndi mawu okoma omwewo. Tikupempha aphungu, mafumu a m'madera a migodi ndi akuluakulu a zaumoyo kuti asadikire kufika kwa mwana woyamba wodwala. Ayambe kuyeza chaka chino, ndipo akapeza mercury mu nsomba, auze anthu tsiku lomwelo.